Pa Njinga Pamwamba pa Mapiri a Nyika

Munthu wozolowera kupalasa njinga m'cigwa ca Luangwa akafika ku mapiri a Nyika, kumalire a Zambia ndi Malawi, amaphunzira njinga kaciwiri. Mbali ya Zambia ndi yaing'ono, masikweya kilomita 80 cabe, ndipo msewu wopitako umadzera m'Malawi, kucokera ku Rumphi kulowera pa cipata ca Thazima.

Msewuwo ndi wa dothi ndi miyala. Umakwera mokhotakhota m'thengo kufikira pamtunda woposa mamita 2,000, pamene mitengo imatha n'kutsala udzu ndi mphepo. Apo mpweya umapepuka, kotero kuti ngakhale mnyamata wozolowera kunyamula matumba a makala amatsika n'kuyamba kukankha. Palibe manyazi, pakuti omuona ndi mbidzi ndi nchefu zokha.

Coopsa ceniceni cili potsetsereka. Timiyala timaterereka pansi pa matayala, ndipo wogwira buleki ya kutsogolo mwadzidzidzi amaponyedwa pansi, cipatala cili kutali. Wanzeru amayamba ndi buleki ya kumbuyo, natsika pang'onopang'ono. Sayiwalanso pampu, zigamba za cubu ndi covala cofunda, cifukwa m'miyezi ya June ndi July cisanu cimayeretsa udzu m'mamawa.

Nkhalango ya Chowo, ya mitengo yaitali yobiriwira caka conse, ili kumbali ya Zambia. Kumeneko wapanjinga amatsamiritsa njinga yake pamsewu nalowa wapansi, mumdima wozizira momwe nchima zimalumpha m'nthambi.