Utsi unkabwerera m'chumuni

Ku wailesi yathu ku Kitwe anandipempha kakatuni ka masekondi 20 ka pa Facebook, kolengeza pulogalamu yokamba za chifuwa m'makomboni apafupi ndi migodi. Ndinajambula chumuni chonga cha ku Nkana, ndi mizere isanu ya utsi mu Inkscape, kuti pambuyo pake ndiiyendetse mu Synfig.

Utsi umayamba wonenepa pakamwa pa chumuni, n'kumaonda ukamakwera. Itatu inamvera. Iwiri inatuluka chadodolido, yoonda pansi, yonenepa kumwamba, ngati utsi ukubwerera mkati. Ndinafufuta, kujambulanso, chimodzimodzi. Malaiti anali atapita, batire ya laputopu ikutha, pulogalamu mawa m'mawa.

Mnyamata wina wa ku Copperbelt University amene amatithandiza pa mikisa anangoyang'ana n'kufunsa kuti, "Ba mkulu, iyi munayambira kuti?"

Kumwamba. Sindinkadziwa kuti mzere uliwonse uli ndi mutu ndi mchira, ndipo Triangle in imaika kunenepa pomwe dzanja linayambira, osati pomwe diso likufuna. Anasankha iwiri ija, Path, kenako Reverse. Utsi unakwera.

Ndinasunga fayilo batire itatsala pang'ono kuzima. Mandazi anali pa ine.