Chipinda cha kuseli kwa amai

Mathileyi a mazila satseka phokoso. Tiyambile pamenepo, chifukwa situdiyo iliyonse ya kuseli kwa nyumba imene talowamo mu Lusaka muno, kuchokela ku Matero mpaka ku Mtendere, ili na mathileyi kukhoma monga mwini wake agulitsa mazila pa Soweto. Pa vidiyo amaoneka bwino. Mwina amachepetsako pang'ono kubwelela kwa mau m'kati, koma aneba kunja amamva zonse, ngakhale pamene woimba walakwitsa n'kutukwana. Kapepala kopepuka conco sikangaimitse ng'oma. Chimene kamakwanitsa ni kusunga mphemvu na kugwila moto.

Ise tili atatu, awili a mimba imodzi na msuweni wathu. Mmodzi amapanga mabiti pa laputopu, wina amaimba kwaya ku chechi, wachitatu amalemba. Chipinda chimene tikamba chili kuseli kwa nyumba ya amai ku Kanyama, mamita 3 uku, 3 na hafu uku, ndipo kwa zaka zambili chinali cha lendi. Ndalama ya lendi ija ndiyo inali kugula malasha na mayunitsi a malaiti. Pamene wa lendi anachoka, tinapempha. Amai anakhala chete mpaka nsima inatha, ndiye anati: "Chaka chimodzi. Ndalama ya malasha muzinipatsa imwe. Aneba akabwela kudandaula kawili, nibwezamo munthu wa lendi." Aneba amene anali kukamba ni amai ena amene windo yawo ili pafupi kwambili na khoma lathu, mwakuti mungapatsane mchele popanda kutuluka panja. Amasebenza usiku, amagona masana, ndipo ali na mwana wamng'ono.

Amalume athu ni omanga nyumba. Sanamangepo situdiyo, koma amadziwa makoma. Tsiku loyamba anabwela madzulo, anatiuza kuti tizime nyale, mmodzi alowe m'chipinda na tochi, enafe tiime panja. Kuwala kunatulukila pansi pa chitseko, m'mbali mwa felemu, pa mavent aja a pamwamba pa windo, na pamene malata akumana na khoma. "Paliponse pamene mwaona kuwala, mau apita pomwepo," anatelo. "Musagule chilichonse musanatseke izo."

Pambuyo pa kutseka mipata, chotsala ni kulema. Khoma lolema limavuta kuligwedeza, ndipo mau amene sangagwedeze khoma sangawoloke. Koma masamu ake ni okhumudwitsa. Mukawilikiza kawili kulema kwa khoma, mumachotsako madesibelo 5 kapena 6 chabe, pamene khutu la munthu limafuna kuti achokepo pafupifupi 10 kuti limve monga phokoso lachepa na hafu. Ndiye kungounjika simenti sikukufikitsani patali. Mabuloko athu ni aja a mainchesi 6, a mabowo m'kati, ndipo kunja anali osapulasitala. Buloko yosapulasitala ili na timabowo tambili-mbili tosaoneka, mphepo imapitamo. Tinapulasitala mbali zonse ziwili, ndipo izo zokha zinasintha kamvekedwe ka wailesi panja.

Chimene chimagwila nchito yaikulu ni khoma lachiwili m'kati, losakhudzana na loyamba. Matabwa tinagula ku Buseko. Tinaimika felemu motalikilako pang'ono na mabuloko, pakati pa matabwa tinaikamo ubweya uja wa galasi umene umayabwa m'manja, kutsogolo tinakhoma mabodi a jipisamu awili-awili, mosemphanitsa polumikizila kuti mzele wa bodi yapansi usakumane na wa yapamwamba. Amalume anali kuzungulila na tochi yawo kuona ngati pali msomali kapena kachidutswa ka thabwa kokhudza makoma onse awili. Kuti mumvetse chifukwa chake, ikani khutu pa tebulo, mnzanu agogode ku mapeto kwake. Mau amayenda bwino kwambili m'chinthu cholimba kupambana mu mphepo, ndipo msomali umodzi ungakhale mlatho. Mtengo wake ni malo: mbali iliyonse inadya pafupifupi masentimita 15, mwakuti chipinda chimene chinali chaching'ono kale, manje chachepelatu.

Windo tinaitseka na mabuloko. Amai sanakondwele nazo, ndipo tinalonjeza kuti tikachoka tidzaibwezela.

Chitseko ndiye chinatidyela ndalama. Zitseko zochipa zija zosalala n'zopanda kanthu m'kati, mukagogoda zimalila monga ng'oma. Tinapita ku Kalingalinga, m'mbali mwa Alick Nkhata Road, kumene akalipentala na owochelela amayala katundu wawo, ndipo tinapangitsa ziwili za thabwa lokha-lokha, chimodzi cha khoma lakunja, china cha lam'kati. Zinatiseketsako kuti tikugula zitseko zobisa nyimbo pa msewu wa munthu amene nchito yake inali kufikitsa nyimbo m'nyumba za anthu pa wailesi. M'mbali mwa felemu tinamata labala, ndipo pansi tinaika kathabwa kopingasa kakuti chitseko chizikanikiza potseka. Chikatsekeka bwino, umamva m'makutu.

Denga lili na mavuto awili pamodzi. Mvula ikagwa pa malata sungajambule chilichonse, ndipo mu October malata omwewo amasandutsa chipinda kukhala uvuni. Pansi pa malata tinaika pepala lija lonyezimila monga siliva, kusiyako kampata, chifukwa likagundana na chinthu mbali yonyezimilayo silibweza kutentha. Siling'i sitinaipachike ku matabwa a denga. Yakhala pa matabwa ake-ake amene agona pa khoma lam'kati, ubweya pamwamba pake. Pakati pa siling'i na malata tinasiya potulukila mphepo yotentha, na kawaya kotchinga makoswe. Ubweya womwewo umathandizanso mu June na July. Lusaka ili pamwamba, kupitilila mamita 1,200, ndipo aliyense amene anadikilapo basi 05:00 mu July adziwa kuti kuzizila kwa kuno si nthabwala.

Zonsezi mungazipeze pa YouTube, ndipo anthu a ku America na ku Ulaya amazifotokoza bwino. Chimene safotokoza ni Kanyama. Kuno mwala uli pafupi, mukakumba pang'ono chabe mwaupeza, malo ni athyathyathya, ndipo mvula ikalimba mu January na February madzi alibe kopita. Amakwela kuchokela pansi. Khoma lililonse m'komboni mwathu lili na mzele wake, lina m'kakolo, lina m'mawondo, pamene penti inatupa n'kusupuka ndipo pamatuluka tuufa toyela monga mchele. Buloko imamwa madzi monga mmene chingwe cha koloboi chimakokela palafini. Nyumba yomangidwa bwino imakhala na pulasitiki yakuda, imene omanga amati DPC, yoyalidwa pa mzele wa mabuloko apansi kuti madzi asakwele. Chipinda chathu chinamangidwa kale-kale, pang'ono-pang'ono monga mmene ndalama inali kupezekela, ndipo DPC mulibe.

Apa m'pamene amalume anaumilila kwambili. Khoma lonyowa limene lili poyela limauma mvula ikatha. Koma mukalibisa kuseli kwa mabodi na ubweya, simudzaonanso chimene chikuchitika, mudzangomva fungo. Jipisamu ikamwa madzi imafewa monga buledi. Ubweya ukanyowa umakhwinyata, suletsanso kutentha, ndipo nkhungu imamela. Msuweni wathu ali na asima, ndiye nkhani ya nkhungu kwa ise si ya kukongola kwa khoma. Na zipangizo nazo sizikonda chinyezi: maikolofoni imayamba kulila tsiii, mapulagi amachita nguwe.

Conco nchito yoyamba yeni-yeni inali panja, phokoso tisanalikhudze n'komwe. Tinaika gata kuti madzi a pa denga asamagwele m'tsinde mwa khoma. Tinathila konkili kuzungulila chipinda, yopendekela kunja, na kamfolo kopeleka madzi ku ngalande ya pamsewu. M'kati tinakweza pansi. Tinayala pulasitiki yakuda yokhuthala, ya ma micron 250, zidutswa zake zoloŵelana bwino na zomatidwa, m'mbali tinaipinda kukwela khoma monga beseni, ndiye n'kuthila konkili yatsopano pamwamba. Kenako kudikila. Konkili imafuna masiku 28 kuti ilimbe mokwanila, ndipo kuuma kwake kumatenga nthawi yopitilila apo. Tinali na changu, mabiti anali kudikila, koma amalume ananyamula mabodi n'kukawatsekela kwawo. N'chifukwa chake nchito yonse tinaiyamba mu June, kuti miyezi ya dzuwa itiumitsile.

Thabwa lililonse lokhudza pansi linakhala pa kachidutswa ka DPC, ndipo linapakidwa mankhwala a chiswe. Mabodi sanafike pansi, tinasiya mpata wa chala chimodzi n'kuutseka na silikoni. Khoma la mabuloko sitinalipake penti ya mafuta. Anthu ambili amachita zimenezo poganiza kuti atseka madzi, koma madzi amangokwela pamwamba pa penti n'kukatulukila kwina.

Pamene zonse zatsekeka, vuto lina limabadwa, ndipo ili ndilo anzathu ambili salikamba. Phokoso limafuna kuti chipinda chisakhale na bowo ngakhale limodzi. Thupi la munthu limafuna bowo. Anthu atatu m'kachipinda kotele, akupuma, akutuluka thukuta, laputopu na masipika zikutentha, pakapita ola limodzi mutu uyamba kulema ndipo mpweya umakhala wonyowa monga m'bafa. Chinyezi chimene tinachithamangitsa pansi tingachibweletse tokha na pakamwa. Ndiye tinaboola mabowo awili, lina munsi lolowetsa mphepo, lina m'mwamba mbali ina lotulutsa. Pa bowo lililonse pali bokosi la matabwa, m'kati mwake muli tumakoma tokhotetsa njila katatu, tokutidwa na ubweya na nsalu. Mphepo imakhota n'kupita, mau amagunda pa kona iliyonse n'kufooka. Pa bowo lotulutsa tinaika kafani ka kompyuta ka mavoti 12 koyendela batili. Amene anali mu Lusaka mu 2024, pamene chilala chinatsitsa madzi ku Kariba ndipo malaiti anali kubwela maola ochepa pa tsiku, sadzafunsa chifukwa chake sitinakamangilile ku soketi.

Pali zinthu ziwili zimene siziloledwa kulowa m'chipindamo, ndipo izi tikukamba kwa aliyense amene akumanga chake. Choyamba ni mbaula. Malasha akamayaka m'malo otsekeka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, ulibe fungo, ulibe mtundu, umangokugonetsa. Nyengo yozizila iliyonse timamva za anthu amene anagona na mbaula m'nyumba wamba za mipata-mipata osaukanso, nanga m'chipinda chimene mwachitseka dala na labala? Chachiwili ni siponji ya matilesi kukhoma. Ni yochipa, imaoneka monga ya mu situdiyo, koma ikagwila moto imayaka mwamsanga na utsi wakupha. Mu 2003 ku Rhode Island, ku America, kalabu ina yochedwa The Station inapsa pamene siponji imene anamata kuti achepetse phokoso inagwila moto, ndipo anthu 100 anafa. Ise kuti mau asamabwelele m'kati tinapanga mafelemu anayi okhala na ubweya wotsala, n'kuwakuta na nsalu ya ku Kamwala. Zitseko zonse ziwili zimatseguka popanda kiyi ukakhala m'kati.

M'zaka za m'ma 1970, magulu monga WITCH na Ngozi Family anali kufunika kupeza situdiyo yeni-yeni, monga dB Studios mu tauni, kuti nyimbo ijambulidwe. Lelo makina onse aja akwana m'chikwama cha kumsana, ndipo ife a m'badwo uno tinaganiza kuti nkhani yatha. Timasunga miyezi isanu kugula maikolofoni ya dzina, n'kukaiimika m'chipinda chimene chikumveka tambala wa aneba, hutala ya basi na wogulitsa tomato. Kwa ise, ngati ndalama ikwanila chimodzi chabe, gulani simenti.

Sikuti phokoso linathelatu. Mau a woimba samveka panja, ngakhale akweze bwanji. Gitala simveka. Koma besi ni nyama ina, mafunde ake ni atali, amayenda na pansi, ndipo makoma athu awili amangowachepetsa. Aneba anabwela kamodzi, osati kwa amai koma kwa ise, ndipo tikuti kumeneko sikuwelengedwa. Anati: "Ana anga, nyimbo sinikuimva, koma pali chinthu chikugunda mu pilo." Tinakweza masipika kuwachotsa pa tebulo, tinawaika pa labala yokhuthala, ndipo tinapangana: ikakwana 20:00, besi yonse ku mahedifoni. Masana akakhala kuti achoka ku nchito ya usiku, amayanika chitenge chofiila pa waya wa kuseli, ndipo tikachiona timadziwa kuti lelo ni tsiku lolemba mau chabe.

Mvula yoyamba ya November yapita, pansi m'pouma. Koma November si mayeso. Pa kona ya kumunsi, kumene madzi anali kuyambila kale, tinasiya kabodi kamodzi komanga na masikuluu kuti tizikatsegula. Kuseli kwake, pa buloko, amalume analemba mzele wa pensulo pamene chinyezi chinafika chaka chatha. Tidzatsegula kumapeto kwa February. Amai chaka chawo akuwelenga kuyambila June, ndipo ya malasha ya mwezi uno tapeleka kale.