Kalata kwa Mphwanga: Mbiri ya Nyale Zongolumikiza za M'masitolo ndi M'maofesi

Mphwanga wokondedwa,

Kalata yako inatipeza tili bwino, ine pamodzi ndi alamu ako ndi ana, ndipo tinakondwera kumva kuti abwana ako ayamba kukutuma ntchito za m'nyumba zikuluzikulu. Wandiuza kuti m'sitolo yatsopano imene mukuikamo magetsi, nyale zinafika m'makatoni pamodzi ndi mawaya odulidwa kale, aliyense ali ndi pulagi yake kunsonga, kotero kuti munapachika mzere wonse osasenda waya ndi mmodzi yemwe; ndiponso kuti amisiri achikulire anaseka, nati umenewo si umisiri koma masewera a ana. Wafunsa tsono chifukwa chake makontirakitala amakonda njira yotere. Wachita bwino, pakuti safunsa anadya phula. Koma undilole ndiyambire patali, popeza chinthu ichi sichinatulukire tsiku limodzi, ndipo amene sadziwa mavuto amene anachibala sangathe kuchiweruza molungama.

Pamene Joseph Swan ku Newcastle ndi Thomas Edison ku America anakonza babu loyaka ndi magetsi, cha m'ma 1879, ndiponso pamene Edison anatsegula nyumba yake yopangira magetsi pa Pearl Street mu mzinda wa New York mu 1882, panalibe mmisiri amene anali ataphunzira ntchito yathuyi kwa mbuye wake, pakuti ntchitoyo inali isanabadwe. Mawaya ankawayendetsa m'timatabwa tosemedwa ngalande, kapena kuwakoka m'mapaipi akale a gasi, ndipo paliponse pamene mawaya awiri ankakumana, munthu ankawapota ndi manja, n'kuwotcherera ndi mtovu, n'kukulunga tepi. Nyumba zinayamba kupsa, eni inshuwalansi anayamba kudandaula, ndipo m'chaka chomwecho cha 1882 akatswiri a ku London analemba malamulo awo oyamba, amene cholinga chake, monga mutu wake unanenera, chinali kupewa ngozi ya moto. Malamulo amenewo, atawonjezedwa ndi kukonzedwa mibadwo yonseyi, ndiwo BS 7671 amene umawerenga. A ku America analemba awo mu 1897. Chimene anthu anaona msanga, ndipo chikadali choona lero lino, n'chakuti moto suyamba kawirikawiri pakati pa waya wabwino: umayamba polumikizira, pamene dzanja la munthu wotopa linamanga molekeza. Ukagwira mfundo imeneyi, mbiri yonse yotsalayi uiona kuti ndi nkhani imodzi, ya kuchotsa polumikizira m'manja mwa munthu woima pa makwerero ndi kupapereka ku fakitale. Chiyambi chake chinali chotengera babu: cha Edison chopotokola, ndi cha Angerezi chokankha n'kupotoza pang'ono, chimene ife tinalandira kwa iwo. Kuyambira pamenepo ngakhale gogo wakumudzi akhoza kusintha babu popanda kuitana mmisiri.

Amene anapititsa nzeruyi patsogolo sanali eni nyumba zogonamo, koma eni mafakitale a galimoto a ku Detroit, amene ankasuntha makina awo nthawi iliyonse akasintha mtundu wa galimoto, ndipo kusuntha kulikonse kunkatanthauza kuzula mapaipi ndi kukoka mawaya mwatsopano pamene ntchito yaima. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Cha m'ma 1930 anawakonzera mipiringidzo ya mkuwa yotsekeredwa m'bokosi lalitali lachitsulo lopachikidwa kudenga, lokhala ndi timakomo m'litali mwake, kuti makina akasunthidwa angolumikizidwa pa khomo lapafupi.

Kenaka kunadza nyale ya chubu. Kampani ya General Electric inayamba kugulitsa machubu mu 1938, inawaonetsa kwa khamu la anthu pa chionetsero chachikulu cha ku New York mu 1939, ndipo nkhondo yachiwiri itabuka, mafakitale ogwira ntchito usana ndi usiku anawalandira ndi manja awiri, chifukwa ankawala kwambiri pa magetsi ochepa. Nkhondo itatha, mizinda inayamba kumanga maofesi aakulu a zipinda zosagawa, ndipo omanga anazolowera siling'i yolendewera, ya timafelemu tachitsulo topingasana m'mene amagonekamo matailosi opepuka: ku America muyeso wake unali mapazi awiri kwa anayi, ku Ulaya mamilimita 600 mbali zonse. Opanga nyale anaona kuti akapanga nyale ya muyeso womwewo, munthu akhoza kuchotsa tailosi limodzi n'kugonekapo nyale, ndipo mawa n'kuisunthira pa bowo lina. Nyale inasanduka chidutswa cha siling'i.

Komatu kuseri kwa siling'iyo ntchito inali ikadali yakalekale, ndipo iwe amene waigwirapo ukuidziwa. Munthu amakwera makwerero, n'kulowetsa mutu ndi mapewa m'bowo, m'fumbi ndi m'kutentha, khosi litapindika. Amatsegula bokosi, n'kusenda mawaya atatu, wa moto, wa nyutulo ndi wa ethi, timapisi ta pulasitiki tikumugwera m'maso. Amamanga tisikuluwu ndi dzanja limodzi pamene linalo lagwirira nyale kuti isagwe. Amatsika, n'kukoka makwerero mapazi angapo, n'kukweranso. Pa nyale khumi zoyamba amamanga bwino. Koma nsanjika imodzi ya ofesi ikhoza kukhala ndi nyale mazana angapo, ndipo pofika madzulo, mimba ikulira ndi kapitawo akufuula pansi, pamakhala kasikuluwu kamodzi kamene sanakamange kufikira pamapeto, kapena ethi imodzi imene anaiiwala. Ndipo cholakwa chimenecho chimabisala m'mwambamo zaka, chikutentha pang'onopang'ono, kufikira tsiku limene wina adzamve fungo la pulasitiki wopserera.

Eni masitolo anali ndi dandaulo lawolawo, pakuti katundu wa pawindo amasintha ndi nyengo, ndipo kuwala kuyenera kumutsata. Kwa iwo kampani ya Lightolier ya ku America inatulutsa, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, kanjanji ka magetsi kokhomedwa kudenga, kamene nyale imakolekedwa paliponse n'kutembenuzidwira kumene munthu afuna. Ndi ganizo la ku Detroit lomwe lija, litachepetsedwa ndi kukongoletsedwa.

Zimene wagwira iwezo zinabadwa cha m'ma 1970, pamene malipiro a amisiri ku America ndi ku Ulaya anali atakwera kufikira poti ola la munthu linkadula kuposa waya amene ankamanga m'ola limenelo, ndiponso pamene mavuto a mafuta a mu 1973 anakakamiza eni nyumba kugawa nyale m'magulu ang'onoang'ono ozima paokha, kutanthauza mawaya ochuluka ndi polumikizira pochuluka. Ku America kampani ya Lithonia inatulutsa mawaya ake otchedwa Reloc, ndipo malamulo a magetsi a kumeneko ali ndi chigawo chapadera, cha nambala 604, cha mawaya okonzeratu ku fakitale. Ku Germany kuli Wieland wa ku Bamberg ndi zolumikizira zake za gesis, ndi WAGO wa ku Minden ndi zake za Winsta. Ku Britain amisiri amangoti Klik. Kapangidwe kake n'kofanana: magetsi amafika pa bokosi limodzi lolumikizidwa ndi manja, ndipo kuchokera pamenepo amayenda m'mawaya a mapulagi, nyale ndi nyale. Mbali imene ili ndi moto ndi yobisika kuti chala chisafikepo. Mano a pulagi anasemedwa mwakuti sangalowe chozondoka, ndiponso ya dera lina singalowe m'malo mwa inzake, ndipo mitundu yake amaisiyanitsa kuti diso lione msanga. Pali kambedza kamene kamalira kakagwira, kuti waya asasololoke. Waya aliyense amayesedwa asanatuluke m'fakitale. Muyeso wa mayiko onse wa zolumikizira zotere ndi IEC 61535, ndipo ukumbukire kuti sizinapangidwe kuti zizisololedwa magetsi akuyenda: uzime kaye.

Tsono kontirakitala, amene mtima wake uli pa buku la ndalama monga wako uli pa pulayala, amaonapo zinthu zimene mmisiri saziganizira. Iye amatchula mtengo wa ntchito isanayambe, ndipo chimene chimamugwetsa si mtengo wa waya, umene amaudziwa, koma maola a anthu, amene sawadziwa. Njira iyi imachepetsa maolawo ndi kuwachititsa kukhala owerengeka. Ndiponso wa magetsi ndiye amalowa kumapeto, omanga atachedwa, a siling'i atachedwa, koma tsiku lotsegulira sitolo litalengezedwa kale pa wailesi, ndipo pangano limanena kuti tsiku lililonse lochedwa alipira chindapusa. Pamenepo kutha kupachika nsanjika yonse m'masiku ochepa ndi chipulumutso chenicheni. Anthu ake amakhala nthawi yochepa pa makwerero, pamene ngozi zambiri za ntchito yathu zimachitikira. Zidutswa za mkuwa sizitayika pansi, ndipo, tinene mosabisa, mpukutu wa waya umene ukanatuluka pa geti m'chikwama cha munthu sukhalapo n'komwe. Koma chachikulu n'chakuti nyumba ya malonda sikhala chimodzimodzi: pamene lero pali banki, patapita zaka zochepa pamakhala sitolo ya nsapato, makoma a mkati amagwetsedwa ndi kumangidwa kwina, ndipo nyale zongolumikiza zimasamuka usiku umodzi, mawaya omwewo n'kugwiranso ntchito. Nyale ikafa masana, amaisolola n'kuikapo ina, yakufayo n'kukaikonzera pa tebulo, makasitomala osadziwa kanthu.

Za LED ndingonena mwachidule, pakuti unabadwa zilipo. Kuwala kwake koyera kunatheka chifukwa cha LED yabuluu, imene kampani ya Nichia ya ku Japan inatulutsa mu 1993, ndipo Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura analandira nayo mphoto ya Nobel mu 2014. Koma taona chodabwitsa: nyale zambiri za LED zinabwera zomatiratu, mwakuti kachipangizo kamodzi kakapsa umataya nyale yonse, pamene chubu chakale unkangosintha sitata kapena choki. Kumeneko kunali kubwerera m'mbuyo, ndipo n'chifukwa chake makampani anapanga bungwe la Zhaga mu 2010, kuti agwirizane miyeso ya ziwalo za LED zotha kusinthidwa. Ku Ulaya machubu aatali analetsedwa kulowa pamsika kuyambira mu Ogasiti 2023 chifukwa cha mercury ali m'katimo, choncho usayembekeze kuti adzakhala otchipa ndi opezeka mpaka kalekale kwathu kuno. Ukaona pulagi ya mano asanu pa nyale wamba, awiri owonjezerawo kawirikawiri ndi a DALI, njira yolankhulira ndi nyale iliyonse payokha, mpaka 64 pa mzere umodzi, kotero kuti magulu a nyale amasinthidwa pa kompyuta munthu osakhudza waya.

Usaganize kuti ndikuyamika zonse popanda chotsalira, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Njirayi inabadwira kumene mmisiri ndi wodula ndipo katundu ali pafupi. Kwathu kuno zinthu n'zotembenuka, mmisiri amalipidwa pang'ono, ndipo katundu amagulidwa ndi ndalama zakunja zimene zimasowa, n'kuyenda ulendo wautali kudzera ku Beira kapena ku Johannesburg. Pa kagolosale kamene sikadzasintha maonekedwe, paipi ndi waya wamba, zomangidwa ndi munthu wosamala, ndi zanzeru koposa. Ndiponso mapulagi a kampani ina salowa mwa ina, ngakhale aoneke ofanana, ndipo amene wagula mtundu wosadziwika chifukwa chotchipa adzapeza, patapita zaka zisanu, kuti palibe amene akuugulitsa. Utali wa waya aliyense uyenera kuyezedwa pa pulani katundu asanaitanidwe. Ukaperewera theka la mita, uyembekeza masabata, ndipo pamenepo limabwera yesero lalikulu, lodula pulagi n'kupota mawaya ndi tepi, kubwezera m'siling'i choipa chomwe chija chimene anthu anavutika zaka zana kuti achichotsemo. Ndinaziona zimenezi m'nyumba ina yokongola kwambiri kunja kwake, ndipo sindifuna kudzamva kuti dzanja lako linachitapo zotere. Popeza magetsi athu amazimazima ndi kubwera mwamphamvu, chimene chimafa msanga ndi dirayiva, kachipangizo kopatsira LED magetsi, choncho uziwauza abwana ako asankhe nyale zimene dirayiva wake ali padera, wosololeka.

Amisiri achikulire aja usakangane nawo, koma uwaonetse ndi ntchito kuti pulagi siyeza ethi, siwerenga kuti dera limodzi lisenze nyale zingati, ndiponso simangirira waya pa thireyi kuti asagone pa matailosi pamene makoswe amadutsa. Zonsezo ndi zako, pamodzi ndi kuyeza konse kumene malamulo amafuna magetsi asanayatsidwe, ndipo a MERA, oyang'anira za magetsi, sadzakupatsa chilolezo chifukwa chodziwa kukankha pulagi. Ntchito ya m'sitoloyo ikatha, upemphe kuti pulani yosonyeza pamene bokosi lililonse lili, pamodzi ndi mawaya angapo otsala ndi madirayiva awiri kapena atatu, zisiyidwe kwa mwini nyumba m'kabati yokhoma, ndipo dzina la kampani yopanga lilembedwe m'kati mwa chitseko cha bolodi.

Undilembere mtundu wa zolumikizira zimene mukugwiritsa ntchito, ndi kuti mano ake ndi angati. Alamu ako akupereka moni, ndipo akuti nsapato za ntchito zija azitumiza ndi munthu mwezi ukatha. Ukapita kumudzi ukawaone amayi, ukawakonzerenso swichi ya pakhonde imene akhala akudandaula.

Ndine mkulu wako wokukonda.