Za Miyala Yotsala pa Phiri la Ilomba

Munthu wocokera ku Karonga akwera mapiri mtunda wa makilomita ngati 100 kuti afike ku Chitipa, kumene kale kunkachedwa Fort Hill. Akapitirira boma kulinga kumpoto, kufupi ndi mtsinje wa Songwe umene ulekanitsa dziko lathu ndi Tanzania, apeza phiri la Ilomba. M'phirimo muli mwala wa maonekedwe ngati thambo, umene ophunzira aucha sodalite. Anthu audula m'zibuma zazikuru, nazitumiza kunja kukakometsa nyumba za eni cuma.

Koma si mwala wonse umene umuka. Cibuma cokhala ndi mng'alu wogula sacifuna, ndipo cotero citsala pomwepo pamodzi ndi zibenthu ndi dothi. Za zotsalazi ndifuna tilingalire, abale anga, pakuti ndizo zikhala ndi eni dziko.

Makolo athu ambiri anaphunzira kulemba pa sileti. Mwala umenewo ankaukumba kwambiri ku Wales, m'dziko la Britain, ndipo kumeneko pa magawo khumi a mwala wokumbidwa, asanu ndi anai ankatayidwa. Mudzi wa Blaenau Ffestiniog uzingidwa ndi miulu ya zotayazo kufikira lero, yaitali ngati mapiri. Tsopano zina aziphwanya ndi makina, nazisefa, zikuruzikuru pazokha ndi zing'onozing'ono pazokha, kuti ayale m'miseu. Anacedwa nayo nzeru imeneyi, koma anaipeza. M'dziko lomwelo, pa mudzi wa Aberfan, zotaya za mgodi wa malasha anaziunjika pamwamba pa akasupe. Mvula itacuruka mu October 1966, muluwo unagumuka nukwirira sukulu. Anafa anthu 144, mwa iwo ana 116.

Ndikumbutsa izi cifukwa mvula ya ku Chitipa siicepa, ndipo minda ya cimanga, mawere ndi nyemba iri m'munsi mwa zitunda. Mulu wa miyala ukaikidwa potsetsereka kapena pa njira ya madzi, dzinja liri lonse utumiza mcenga wace kumunda ndi kumtsinje. Uyenera kukhala pamalo pogwa, ndi ngalande yopatutsa madzi kumtunda kwace.

Kuphwanya nako kuli ndi bvuto lace, ndilo pfumbi. Pfumbi la mwala likalowa m'mapapo silituruka, ndipo cifuwa cace cioneka patapita zaka. Kuwaza madzi pophwanyapo kulicepetsa ndithu. Amai amene aswa miyala ndi nyundo m'mbali mwa miseu yathu, mwana ali kumsana, alibe ngakhale cotseka kumphuno.

Cimene cindidabwitsa ine ndi ici: miseu yambiri ya kumidzi ya ku Chitipa iri ya dothi, ndipo mu February galimoto lonyamula wodwala lititimira m'matope, pamene mwala wolimba, wokumbidwa kale, ungogona m'mbali mwa phiri kulindira woupwanya.