Livingstone dikila, nibwelanso

Mu October watha ine na alamu tinadula Zambia pa thilaki, kucoka ku Chipata mpaka ku Kazungula, makilomita opitilila 1,000. Ine nenze cabe wothandiza kumanga tenti na kuyang'ana katundu. Pa Nyimba tinagula nthoci, pa Luangwa Bridge nsomba zouma, mu Lusaka tinagona mu thilaki, pa Mazabuka maso anatopa na minda ya nzimbe. Matauni onsewa ni abwino, koma mukanifunsa komwe ningabwelele na ndalama zanga, yankho ni imodzi: Livingstone.

Coseketsa n'cakuti tsiku loyamba inanikhumudwitsa. Titatsitsa katundu, ninapempha alamu kuti tikaone Mosi-oa-Tunya. Kuyambila ku pulaimale tinali kuloweza kuti mathithi aja ni aatali mamita 108. Tinalipila pa geti, ninathamangila ku Knife-Edge Bridge, foni m'manja. Abale, mwala okhaokha! Madzi yenze kugwa uko kutali, ku mbali ya Zimbabwe. Pobwelela, nyani anabwela n'kunilanda mabanzi m'pulasitiki. Alamu anaseka mpaka misozi.

Madzulo tinalowa mu Maramba Market kufuna nsima. Amai ena ogulitsa cakudya ataona nkhope yanga anati, "Iwe mwana wanga, unabwela nthawi yolakwika. Manje ni cilimwe, Zambezi yacepa. Ubwele mu April, uzanyowa mpaka NRC mu thumba." Anationjezela nsomba osalipilitsa. M'kashopu kamodzi komweko munthu akamba Citonga, wina ayankha mu Silozi, wacitatu amalizitsa mu Cinyanja, ndipo onse amvana bwinobwino.

Apo m'pamene tauni inayamba kunigwila. Livingstone siithamanga monga Lusaka. Uyenda pansi mu Mosi-oa-Tunya Road popanda kondakitala kukukoka shati. Manyumba akale okhala na makhonde aatali akali cilili, cifukwa iyi inali likulu la Northern Rhodesia kuyambila 1911 mpaka 1935, pomwe boma linasamukila ku Lusaka. Ku Livingstone Museum kuli makalata amene David Livingstone analemba na dzanja lake. Ku Railway Museum kuli masitima akale a malasha, ena a njanji ya ku Mulobezi yomwe inali kutuuta matabwa. Ndipo mlatho wa Victoria Falls, umene unamalizidwa mu 1905, mpaka lelo unyamula mathilaki na sitima, uku azungu alumpha na cingwe ku miyendo.

Ambili mu komboni timaganiza kuti Livingstone ni ya azungu na mabwana. Zoona, mahotela a m'mbali mwa Zambezi si a thumba lathu. Koma wa mu Zambia akaonetsa NRC pa geti alipila mu kwacha, mtengo wocepa maningi kuyelekeza na wa alendo akunja. Malo ogona ochipa yaliko mu tauni, ndipo nsima ya ku Maramba, Dambwa olo Libuyu siisiyana mtengo na ya kwathu. Cenjelani cabe na njovu: zimayenda usiku mpaka kufika pafupi na nyumba, ndipo si za kujambula nazo selfie.

Cinanipweteka n'cimodzi. N'tafika kunyumba, amai ananifunsa kuti, "Nanga utsi wa madzi uja unauona?" Iwo ali na zaka 60, anaphunzila za mathithi amenewa ku sukulu, koma sanapitilileko Kafue. Anthu akwela ndeke kucoka ku London kudzaona cinthu cimene amai anga amacionela pa kalenda.

Ndiye nalowa cilimba ku nchito, ndipo nauza anzanga kuti yanga ikhale ya March. Mu April tikwela basi ya m'mawa pa Intercity, amai pa windo, ine pambali. Mabanzi tizadyela mu basi.