Phewa la Wotsogola

Ntchito yanga ndi yophunzitsa ana a sukulu kuthamanga kuno ku Lundazi, makamaka mamita 800 ndi 1500, pa mabwalo afumbi amene mizere yake timalemba ndi phulusa kapena laimu. Mfundo imene ndimaumirira, ngakhale anzanga ena pantchitoyi amaikana, ndi yakuti mwana aziphunzitsidwa malo oyenera kukhala pakati pa anzake monga momwe amaphunzitsidwira liwiro. Akatswiri amene Zambia imanyadira, Samuel Matete amene anagonjetsa dziko lonse ku Tokyo mu 1991 ndi Muzala Samukonga amene anakhala wachitatu pa Olympics ya ku Paris mu 2024, ndi a mamita 400, kumene aliyense amakhala mu mzere wake mpaka kumapeto. Ana athu amatengera iwowo. Koma pa 800 mizere imatha mukangomaliza kukhota koyamba, onse n'kukhamukira mkati, ndipo waliwiro wosadziwa pokhala amapezeka watsekerezedwa, kutsogolo msana wa mnzake, kumanja chigongono.

Umboni woonekeratu ndimautenga kutali, kwa otsetsereka pa chipale chofewa ndi ndodo ziwiri m'manja. Mpikisano wawo waufupi, umene unalowa mu Olympics ku Salt Lake City mu 2002, ndi wa pafupifupi kilomita imodzi ndi theka, mphindi zitatu kapena kupitirirako pang'ono. Amayamba mmodzimmodzi kulimbana ndi wotchi, 30 achangu n'kugawidwa m'magulu a anthu asanu ndi mmodzi. Awiri oyamba pagulu lililonse amapitirira, pamodzi ndi awiri a nthawi yabwino mwa otsalawo, ndipo wofika ndime yomaliza amakhala atapikisana kanayi tsiku limodzi. Njira yake ndi yopapatiza, ya zitunda ndi mokhota, moti podutsira mnzako ndi powerengeka. Potsika, wotsogola ndiye amamenyana ndi mphepo, wapambuyo n'kumapuma kumsana kwake, monga amachitira a njinga pamsewu wa ku Chipata mphepo ya mu July ikavuta. Johannes Høsflot Klæbo wa ku Norway, amene anatenga golide wa mpikisanowu mu 2018 ndi mu 2022, kawirikawiri amakhala wachiwiri kapena wachitatu mpaka chitunda chomaliza, pomwepo n'kutulukira. Mphamvu ali nazo ndithu, koma amazitulutsa ali pamalo oti palibe womutchinga.

Wonditsutsa woyamba amatchula David Rudisha, amene ku London mu 2012 anatsogola mpaka kumapeto n'kuswa mbiri ya dziko lonse ndi 1:40.91. N'zoona, koma Rudisha anali woposa anzake onse, ndipo kutsogolako inali njira yake yoletsa mpikisano kusanduka chipwirikiti. Patapita zaka zinayi, ku Rio de Janeiro, Matthew Centrowitz anatenga golide wa 1500 ndi 3:50.00, nthawi yochedwa koposa ya wopambana pa Olympics kuyambira 1932. Anagwira malo a kutsogolo, n'kuchedwetsa gulu dala, ndipo nthawi yothamanga zenizeni itakwana, amene anali ndi mbiri yoposa yake anayenera kumuzungulira. Ana ambiri amene ndimaphunzitsa amasiyana ndi anzawo ndi sekondi imodzi kapena ziwiri basi, choncho nkhani ya Centrowitz ndiyo ikuwakhudza.

Wachiwiri ali ndi mfundo yolemera kuposa apo. Amati ndikamauza mwana kuti akhale paphewa la kumanja la wotsogola ndikumutalikitsira ulendo. Masamu ake ndi olondola: kutuluka mita imodzi pokhota ponse kumawonjezera mamita atatu ndi pang'ono, ndipo pa mokhota mutatu motsalamo ndi pafupifupi mamita khumi, sekondi ndi theka kwa mnyamata wa 2:10. Komanso kubisala mphepo sikupindulitsa wothamanga monga kumapindulitsira wotsetsereka, poti liwiro lathu n'lochepa. Ndiye sindinena kuti akhale kunja mpikisano wonse. Ulendo woyamba wozungulira bwalo akhale mkati, kumsana kwa wotsogola. Atulukire paphewa panjira yowongoka ya kutsidya, patatsala mamita 300, ena asanaganize zotero, ndipo alipire mamita atatu a kukhota komaliza kokha. Wotsekerezedwa amataya ochuluka kuposa amenewo, chifukwa ayenera kuchepetsa liwiro, kubwerera m'mbuyo, kenako n'kuzungulira anthu awiri kapena atatu miyendo italema kale. Pabwalo lafumbi amamezanso fumbi la anzake, ndipo ngati alibe nsapato zala zake zimapondedwa.

N'chifukwa chake pokonzekera sindithamangitsa ana mmodzimmodzi nthawi zonse. Ndimaika asanu ndi mmodzi m'mizere iwiri yokha pa mamita 300, aliyense nditamunong'oneza malo oti afike asanalowe pokhota, anzake osadziwa. Wamkati amaphunzira kumva mpweya wa amene akubwera kumanja kwake osacheuka, ndi kutuluka mpata usanatsekeke. Tikamaliza sindiyamba kufunsa amene wapambana. Aliyense amanena pamene anali patatsala mamita 200, ndi amene anamuyika pamenepo.