Zitsa za Mkungudza pa Chambe

Amayi anzanga, ambiri a ife timakwera phiri ndi nkhwangwa m'manja ndi nkhata kumutu, maso ali pansi kufuna nkhuni. Mwezi wathawu ife amayi asanu ndi atatu a m'gulu lathu tinagwirizana zokwera phiri la Mulanje chimanjamanja, kukangoona. Amuna athu anatiseka, koma tinapita.

Tinanyamuka pa Likhubula tambala woyamba atalira, kulunjika ku Chambe. M'zigwa momwe mitsinje imadutsa mukadali mitengo yakalekale, ina yoti amayi atatu sangaizungulire ndi manja. Tinakhala chete pansi pa umodzi mwa iyo, ndipo posakhalitsa nchima zinatulukira m'nthambi, ina itafungatira mwana pamimba monga timachitira ife pamsika podzaza anthu. Pathanthwe panali mbira zikuothera dzuwa. Mai wina amene wakalambira m'munsi mwa phirili anati aka kanali koyamba kuona nyama zimenezi osaganiza za ndiwo.

Koma ine chimene ndinakwerera ndi mkungudza. Bambo anga ananditengera kumeneko mu 1993, ndili mtsikana. Ndikukumbukira mitengo italiitali yowongoka, ndere zikulendewera ngati ndevu za nkhalamba, ndi fungo lokoma lomwe linakhala m'chitenje changa masiku angapo. Tsopano tinapeza zitsa zokhazokha, zina zakuda ndi moto wa alenje. Mtengo umenewu kwawo ndi paphiri lino lokha, ndipo ndi mtengo wa fuko lathu. Komabe akatswiri atawerenga mu 2017 anapeza ikuluikulu isanu ndi iwiri basi.

Ndisakubisireni. Chitseko cha nyumba yanga ndi cha mkungudza. Matabwa ake ndinagula ndekha usiku kwa anyamata otsika nawo pamutu, ndikukondwa kuti ndatchipitsa ndiponso kuti chiswe sichidzadya. Sindinafunse kanthu. Kodi inu bokosi lanu la zovala munafunsa kumene linachokera? Nditakhala pa chitsa chija ndinachita manyazi, ndipo nsima ya kamba inandikanika.

Potsika, wotiperekeza anationetsa timbande ta mkungudza tobzalidwa kumene, tina tofika m'bondo, tochokera ku nazale za m'midzi. Anati mdani wake wamkulu ndi moto wa m'chilimwe. Ife sitidzakhala mu mthunzi wake; mwina adzukulu athu. Gulu lathu lalembetsa kukalambula njira zotchinga moto mvula ikatha, ndipo amene ali ndi khasu ndi miyendo yolimba adzatipeze pa Likhubula.